Kodi Adzatsitsimuka? Mbiri ya Muyeso wa Chikomokere

Omvera m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, pali funso limodzi limene limamveka m'chipatala chilichonse, usana ndi usiku, m'zilankhulo zonse za dziko lino. Munthu akagona chikomokere, osayankha poitanidwa, osadzidzimuka pogwedezedwa, abale ake amatembenukira kwa dokotala nafunsa kuti, "Kodi adzatsitsimuka?" Funsoli ndi lakalekale, koma njira yoliyankhira mwanzeru, mosalota ndi mosanamiza, ndi yatsopano ndithu, pakuti zaka zake zangopitirira pang'ono 50. Gawo lina lalikulu la njirayo lidapezeka muno m'Malaŵi, pambali pa mabedi a ana odwala malungo. Nkhani ya lero ilondola mbiri imeneyi, ndipo iyambira m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi.

Chigwa cha Henga chagona pakati pa mapiri a Nyika ndi mapiri a Viphya. Mtsinje wa South Rukuru, ukatuluka pampata wa Njakwa, umayenda m'chigwachi mpaka kukathira m'nyanja ya Malaŵi. Ndi dera lachonde, la chimanga ndi fodya, ndipo mseu waukulu wochokera ku Mzuzu kupita ku Karonga umadzera momwemo, kupyola pa Phwezi, usanatsike mokhotakhota kuloŵera ku Chiweta. Madzi ndi mseu ndizo zimabweretsa moyo m'chigwachi, komanso ndizo zimabweretsa anthu okomoka kuchipatala. Mvula ikagwa, udzudzu umaswana m'zithaphwi, ndipo malungo amagwira ana aang'ono, ena mpaka kuŵaloŵa mu ubongo. Pamseu napo galimoto ikagubuduzika, kapena njinga yamoto ikaombana ndi ina, munthu wamkulu amamenyetsa mutu pansi nakomoka. Mwana wa malungo ndi munthu wovulala m'mutu ndiwo eni ake a mbiri ino, chifukwa aliyense wa iwo adachititsa madokotala kupeza muyeso wakewake.

Nzeru za makolo ndi za amishoni

Makolo sadali mbuli pa za kukomoka. Munthu akagwa, ankamuitana ndi dzina lake. Akapanda kuyankha ankamgwedeza, kumtsina, kapena kumthira madzi ozizira. Ankatsekula zikope zake kuti aone ngati maso akuyenda, naika dzanja pamtima kuti amve ngati ukugunda. Mukayang'anitsitsa, muona kuti zimenezi sizisiyana kwenikweni ndi zimene dokotala amachita lero lino: kuyesa ndi mau, kuyesa ndi ululu, ndi kuyang'ana maso. Chimene chinkasoŵa ndi njira yoŵerengera zimene munthu waona, kuti akafotokozere mnzake mosasokoneza, ndi kuti za m'maŵa ziyerekezedwe ndi za madzulo.

Chinkasoŵanso ndi kudziŵa gwero la matendawo. Anthu a ku Rumphi, m'Chitumbuka chao, amati mwana wogwa linjirinjiri wadwala chikoko. Dr. Alister Munthali, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene panthaŵiyo adali ku Yunivesite ya Malaŵi, atafufuza m'midzi ya kumadzulo kwa bomali, adalemba m'chaka cha 2003 kuti ena ankati chikoko chimadza ndi ufiti kapena ndi kudyetsa mwana mazira, ndipo kuti ambiri ankayamba kufuna thandizo kwa asing'anga a zitsamba. Munthu sangaŵaseke makolo ameneŵa, chifukwa mwana amene dzulo ankaseŵera pabwalo, lero n'kuuma thupi, maso n'kutembenuka, amaoneka ngati wagwidwa ndi chinthu chochokera kunja. Kugwirizana kwa zimenezi ndi kaudzudzu kamene kadamluma masabata aŵiri apitawo sikuoneka ndi maso.

Azungu oyamba kubwera ndi mankhwala ao naonso adali mumdima womwewo. Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ndipo pakati pao padali dokotala wachinyamata, Robert Laws. M'mwezi wa Marichi 1876, Dr. Laws adagoneka mnyamata wina ndi mankhwala otchedwa chloroform namchita opaleshoni yochotsa chotupa. Munthu adagona ngati wakufa, osamva mpeni, kenaka n'kudzuka. Pa kukomoka kotere dokotala ankadziŵa chimene chagoneka munthuyo ndi nthaŵi imene adzadzuke. Koma pa kukomoka kodza ndi malungo, iye adalibe yankho ngakhale kwa anzake omwe. Mnzake wina, Dr. William Black, adamwalira ndi malungo pa Cape Maclear pomwepo mu 1877. Manda atachuluka, mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo malungo ataŵatsata kumeneko, mu 1894 adakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe, m'boma lomweli la Rumphi. Kumeneko chipatala cha David Gordon Memorial chidatsekulidwa mu 1911.

Pa zaka zomwezo akatswiri a maiko ena adali kuvundukula chinsinsi cha malungo. Mu 1880 Alphonse Laveran, dokotala wa ku France amene ankagwira ntchito ku Algeria, adaona tizilombo ta malungo m'magazi a munthu. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, adatipeza m'mimba mwa udzudzu. Madokotala aŵiri a ku Italy, Ettore Marchiafava ndi Amico Bignami, poyeza mitembo, adaona kuti mwa anthu ofa ali chikomokere, timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo tidali todzaza ndi magazi okhala ndi tizilomboto. Motero gwero lidadziŵika, ndipo mankhwala a kwinini adalipo. Koma funso la abale lija, lakuti wodwala wazama motani ndipo akupita kuti, lidakhala zaka zina zambiri lopanda yankho lolongosoka.

Muyeso wa ku Glasgow

Yankho loyamba lidachokera ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mzinda womwewo umene amalonda ake adathandiza ndi ndalama mishoni ya Livingstonia. Kumeneko kudali chipatala cholandira anthu ovulala m'mutu pa ngozi zapamseu, pogwa, ndi pa ndeu. Madokotala aŵiri ochita opaleshoni ya ubongo, Bryan Jennett ndi Graham Teasdale, adaona vuto limene linkapha anthu mwakachetechete. Namwino wa usana ankalemba kuti wodwala "ali ndi tulo tambiri". Wa usiku ankalemba kuti "akumva pang'ono". Dokotala woŵerenga mauwo sankatha kudziŵa ngati munthuyo akukwera kapena akutsika, chifukwa aliyense adali ndi tanthauzo lakelake. Chonsecho munthu wovulala m'mutu akayamba kutsika, kaŵirikaŵiri ndiye kuti magazi akuunjikana m'kati mwa chigaza napanikiza ubongo, ndipo akachotsedwa msanga munthu amapulumuka.

M'mwezi wa Julayi 1974, aŵiriŵa adasindikiza njira yao m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet. Adati tisiye mau osamveka, tiyang'ane zinthu zitatu zokha zimene munthu aliyense wophunzitsidwa angathe kuziona mofanana ndi mnzake. Choyamba ndi maso: kodi wodwala akutsekula yekha, kapena akaitanidwa, kapena akamva ululu, kapena satsekula konse? Apa pali mfundo 4. Chachiŵiri ndi mau: kodi akudziŵa dzina lake, malo amene ali ndi tsiku, kapena akusokoneza, kapena akungotchula mau osagwirizana, kapena kubuula chabe, kapena ali duu? Apa pali mfundo 5. Chachitatu ndi kuyenda kwa ziŵalo, kuyambira pa kumvera akauzidwa kuti akweze dzanja mpaka pa kusasuntha konse, ndipo pa muyeso umene ukugwira ntchito lero apa pali mfundo 6. Munthu wamaso bwinobwino amapeza 15. Wozama kotheratu amapeza 3. Wopeza 8 kapena kucheperapo amaŵerengedwa kuti wavulala koopsa, ndipo mpweya wake uyenera kutetezedwa.

Chaka chotsatira, mu 1975, Jennett ndi mnzake Michael Bond adaonjeza muyeso wina woŵerengera mathero ake: kumwalira, kukhala ndi moyo koma osazindikira kanthu, kulumala kwambiri, kulumala pang'ono, ndi kuchira bwino. Poyerekeza miyeso iŵiriyi pa odwala ochuluka, madokotala adayamba kuona kuti nambala ya masiku oyamba imalozera kumene wodwala angathere. Muyeso wa Glasgow udafalikira pa dziko lonse, ndipo ndi womwewo umene umalembedwa pa khadi la munthu wovulala pa mseu wa ku Chiweta akafika naye pa chipatala cha boma cha Rumphi.

Mwana amene sanayambe kulankhula

Koma muyesowu udali ndi malire. Udapangidwira munthu wamkulu, wodziŵa kulankhula ndi kumvera lamulo. Kodi mwana wa chaka chimodzi ndi theka mungamfunse kuti lero ndi lachingati? Kodi mungamuuze kuti akweze dzanja lamanja? Ngakhale ali bwinobwino, mwana wotere akaona mlendo wovala zoyera amangolira nabisa nkhope pa chifuwa cha amai ake. Chonsecho muno m'Afirika, ochuluka mwa anthu okomoka ndi malungo ndi ana osakwana zaka zisanu.

Vutoli lidathetsedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu. M'chaka cha 1986 kudafika Dr. Terrie Taylor wochokera ku Michigan, m'dziko la America, nayamba kugwira ntchito ndi Dr. Malcolm Molyneux wa ku Britain, amene adali atakhalapo kale zaka zambiri m'zipatala za dziko lino. Pamodzi ndi Dr. Jack Wirima, Mmalaŵi, ndi Dr. Ankie Borgstein, dokotala wa ana pachipatalapo, adafuna kufufuza malungo a mu ubongo. Koma sakadatha kuyerekeza mwana ndi mnzake, kapena mankhwala ndi mankhwala ena, popanda muyeso woyenera ana. Tsono mu 1987 adakonza wao, nausandutsa wapafupi, wa mfundo 5 zokha.

Muyesowu umayenda motere. Dokotala amakanikiza ndi chala fupa la pachifuwa kapena la pamwamba pa diso. Mwana akatambasula dzanja kulunjika pamene pakuŵaŵapo kuti achotse chalacho, wapeza 2. Akapanda kutero, dokotala amakanikiza chikhadabo, ndipo mwana akangobweza dzanja kuthaŵa ululu, wapeza 1. Akapanda kuchita kanthu, kapena akangouma thupi, sapeza kanthu. Kenaka amamvetsera kulira kwake. Kulira kwenikweni, kumene mai aliyense amakudziŵa, ndi 2. Kubuula kapena kulira kwachilendo ndi 1. Kukhala chete ndi 0. Potsiriza amayang'ana maso. Mwana akatsata ndi maso nkhope ya amai ake pamene ikusuntha, wapeza 1, ndipo maso akangoti tong'o osatsata kanthu, ndi 0. Mwana wamaso amapeza 5. Wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye ali chikomokere chenicheni.

Taonani, omvera, kuti muyesowu sufuna magetsi, sufuna makina, sufunanso kuti dokotala ndi mwana amvane chilankhulo. Chida chake chachikulu ndi nkhope ya mai. Udatchedwa Muyeso wa Blantyre, ndipo mbiri idachita ngati kuseka pang'ono, pakuti mzinda wa Blantyre udatenga dzina lake ku kamudzi kapafupi ndi Glasgow kumene adabadwira David Livingstone. Lero Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limatchula muyesowu m'malangizo ake a malungo oopsa, ndipo umagwira ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo.

M'chaka cha 1989 madokotala anaiwo adasindikiza zimene adapeza pa ana 131 a Chimalaŵi amene adagonekedwa ali chikomokere ndi malungo. Ana 20 adamwalira. Ana 12 adatsitsimuka koma ndi chilema cha mu ubongo. Otsala onse, 99, adatuluka m'chipatala opanda chilema chooneka. Nambala yotsirizayi ndi yofunika kuisunga pamtima: mwana wokomoka ndi malungo, akafika kuchipatala nalandira mankhwala, kaŵirikaŵiri amadzuka. Adapezanso zizindikiro zosonyeza mwana amene ali pangozi yaikulu: kuzama kwambiri kwa chikomokere, kuuma ndi kutambasuka kwa manja ndi miyendo, diso losaphethira likakhudzidwa, kugwa linjirinjiri pofika kuchipatala, msinkhu wosakwana zaka zitatu, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, ndi kuchepa kwa shuga m'magazi. Adaona kuti zizindikirozi zikaŵerengedwa pamodzi zimalosera bwino koposa chizindikiro chimodzi pachokha.

Nkhani ya shuga ndi yofunika kuimvetsa. Mu 1988 gulu lomweli lidasonyeza kuti ana ena amafika kuchipatala shuga wao atatsika kale, asanalandire kwinini, ndipo kuti ana otere amamwalira kwambiri kuposa anzao. Ubongo umadya shuga monga moto umadyera nkhuni, ndipo mwana amene wakhala osayamwa kapena kudya, uku thupi likutentha, nkhokwe yake imatha msanga. Apa kulosera kudabala chithandizo, pakuti shuga amayezedwa ndi kadontho kamodzi ka magazi, ndipo amabwezeretsedwa kudzera m'mitsempha nthaŵi yomweyo. N'chifukwa chake dokotala sathamangira kunena kuti mwana ali ndi malungo a mu ubongo. Amayamba wakonza shuga, amadikira kanthaŵi linjirinjiri litaleka, ndipo kukatheka amatenga madzi a pamsana kuti aone ngati si matenda oumitsa khosi.

Chimene chidaoneka m'maso

Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala ya Muyeso wa Blantyre imanena za kuzama kwa chikomokere, koma sinena chimene chachititsa. M'dera ngati la Henga, nyengo ya dzinja ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi mwao koma osadwala. Mwana wotere akakomoka ndi matenda ena, magazi ake adzaonetsabe malungo, ndipo dokotala angathe kusokera.

Dokotala wa maso, Dr. Susan Lewallen, adayamba kuunika m'kati mwa maso a ana okomoka ku Blantyre, ndipo mu 1993 adafotokoza zimene ankaona. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kolandira kuŵala, kamene ndi mphukira ya ubongo womwewo, ndipo ndi malo okhawo pamene munthu angaone timitsempha ta mtundu wa mu ubongo osang'amba kanthu. Mwa ana ambiri odwala malungo a mu ubongo, iye ndi anzake adaona madontho a magazi, mabanga oyera, ndi timitsempha tosintha mtundu.

Tanthauzo lenileni la zimenezi lidadziŵika ndi kafukufuku woŵaŵa mtima amene adayamba mu 1996. Makolo a ana omwalira ankapemphedwa kuti alole thupi la mwana wao liyezedwe asanakaliike. Pempho lotere, pa tsiku lotere, ndi lolemera kwambiri pa mwambo wa dziko lino, ndipo mabanja amene adavomera adapereka mphatso imene dziko lonse likupindula nayo, ngakhale maina ao sadalembedwe m'mabuku. Zotsatira zidatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene madokotala adati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 adapezeka kuti adafa ndi matenda ena, ngakhale adali ndi tizilombo m'magazi. Ndipo chinthu chokhacho chimene chikadasiyanitsa magulu aŵiriwo ana akali moyo chidali zizindikiro za m'maso zija. Kuyambira pamenepo, dokotala akaunika m'diso la mwana wokomoka napeza kuti ndi loyera bwino, amapitiriza mankhwala a malungo koma amafunafunanso gwero lina mwakhama.

Padatsala funso lina: nanga ana amene amamwalira, chimaŵapha n'chiyani makamaka? Anamwino ankaona kuti ambiri amangosiya kupuma mwadzidzidzi, mtima ukugundabe. Mu 2008 ku Blantyre kudaikidwa makina a MRI, oyamba m'dziko lino, amene amajambula ubongo wa munthu wamoyo. Dr. Karl Seydel, Dr. Sam Kampondeni ndi anzao adajambula ana 168 okomoka amene adali ndi zizindikiro za m'maso, nasindikiza zotsatira mu 2015. Ana 25 adamwalira, ndipo 21 mwa iwo adali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka, choncho ubongo ukatupa umapanikiza tsinde lake, pamene pali mphamvu yoyendetsa kupuma. Koma tamvani mbali ina ya nkhani yomweyi. Mwa ana 143 amene adapulumuka, 39 adalinso ndi ubongo wotupa kwambiri, ndipo mwa opulumuka amene adajambulidwanso kutupako kunkaphwa. Chizindikiro choopsa chimauza dokotala kuti akhale pafupi ndi bedi limenelo. Sichimuuza kuti ataye mtima.

Kudzuka si mathero

Linda madzi apite, ndipo uziti ndadala. Poyamba anthu ankayesa kuti mwana akangotsekula maso nayamba kuyamwa, nkhani yatha. Dr. Gretchen Birbeck ndi anzake adatsata ana 132 amene adapulumuka ku malungo a mu ubongo ku Blantyre, naŵayerekeza ndi ana ena 264 amene sadakomokepo. Mu 2010 adalengeza kuti 12 mwa opulumukawo adayamba kudwala khunyu, pamene mwa ana enawo padalibe ndi mmodzi yemwe. Ena adatsala ndi dzanja kapena mwendo wofooka, ena kulankhula movutikira, ena kusintha khalidwe, kukhala aukali ndi osakhazikika. Zina mwa zimenezi zimaonekera patapita miyezi. Mwana wotere akavuta panyumba kapena akalephera m'kalasi, chimene akufuna si chikoti, koma kuonedwanso ndi achipatala, pakuti khunyu lili ndi mankhwala, ndipo chiŵalo chofooka chimalimba ndi mafizo.

Kwa anthu aakulu ogona nthaŵi yaitali atavulala mu ubongo, maiko akunja adapezanso chinthu chodabwitsa. Mu 2006 Dr. Adrian Owen wa ku Cambridge adaika m'makina ojambula ubongo mai wina amene sankasonyeza kuti akumva kanthu, namuuza kuti ayerekeze mumtima kuti akuseŵera mpira wa tenisi. Ubongo wa maiyo udagwira ntchito monga umachitira wa munthu wamaso. Mu 2024 kafukufuku wa zipatala za ku America ndi ku Ulaya adapeza kuti mwa odwala 241 osamvera lamulo lililonse poyezedwa pabedi, 60 ubongo wao unkayankha m'makina. Choncho muyeso umaŵerenga zimene thupi likusonyeza, koma suthera pansi zonse zimene zili m'kati. Oyang'anira wodwala asamalankhule pambali pake ngati kuti wapita kale. Amutchule dzina, amuuze amene wabwera, ndipo za maliro azikambire kwina.

Kubwerera ku Henga

M'chigwa cha Henga mulibe makina ojambula ubongo. Mwana akakomoka usiku m'mudzi wa kufupi ndi Mhuju, ulendo wake umayambira pa chipatala chaching'ono, n'kupita ku chipatala cha boma ku Rumphi, mwinanso mpaka ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsekulidwa mu 2000. Pa ulendo wotere, chimene chimayenda ndi mwanayo ndi kapepala, ndipo pa kapepalapo nambala imodzi ndi nthaŵi yake zimanena zambiri kuposa mau ochuluka. Ngati adanyamuka ali pa 3 nafika ali pa 1, wolandira adziŵa kuti zinthu zikuipa. Ngati adanyamuka ali pa 1 nafika ali pa 3, adziŵa kuti mankhwala ayamba kugwira. Anthu aŵiri amene sanaonanepo amamvana ngati adali pabedi limodzi.

Nzeru ina yothandiza zipatala zing'onozing'ono idakulira ku Gulupu komweko. Dr. Elizabeth Molyneux ndi anzake adasintha kalandiridwe ka ana odwala mu 2001, kuti mwana wodwala kwambiri asamaime pamzere kudikira nthaŵi yake, koma aziyamba kuonedwa ndi iyeyo. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 aliwonse, kufika pakati pa 6 ndi 8. Pa njira imeneyi wolandira odwala amadzifunsa mafunso anai achangu: kodi mwana ali maso, kodi akumva mau, kodi akumva ululu wokha, kapena sakumva kanthu? Mankhwala naonso adasintha. Mu 2010 kafukufuku wa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Afirika adasonyeza kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo tsopano ndiye mankhwala oyamba a malungo oopsa.

Koma muyeso woyamba weniweni umachitika kunyumba, ndipo wouchita ndi inu amai, inu abambo, inu agogo. Mwana wotentha thupi akaleka kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akalephera kukhala tsonga, akagwa linjirinjiri, kapena maso ake akasiya kukutsatani, nyamukani nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mgonekeni chammbali kuti asatsamwe. Musamthire phala kapena mankhwala m'kamwa ali chikomokere, ndipo musamuike supuni pakati pa mano. Sungani mumtima nthaŵi imene adakuzindikirani komaliza, nthaŵi imene adadya komaliza, ndi kuti wagwa kangati, pakuti dokotala adzafuna zimenezi. Munthu wamkulu wovulala m'mutu mnyamuleni osapinda khosi lake. Musafulumire kunena kuti ndi moŵa chabe, ndipo ngati adadzuka nalankhula koma pambuyo pake wayamba kusanza, kusokoneza mau kapena kuodzera, bwererani naye kuchipatala msanga, chifukwa magazi a m'chigaza amaunjikana pang'onopang'ono.

Dr. Malcolm Molyneux adamwalira mu 2021, ndipo Bryan Jennett adatsogola mu 2008, koma miyeso yao ikulembedwabe pa makadi a odwala tsiku ndi tsiku. Funso la abale lija silinasinthe. Dokotala woona mtima sangalonjeze kuti wodwala adzatsitsimuka, ndipo sangathamangire kunena kuti sadzatsitsimuka. Chimene angathe tsopano, chimene Robert Laws sakadatha pambali pa bedi la mnzake ku Cape Maclear, ndi kunena kuti, "Amai, m'maŵa mwana wanu anali pa 1, tsopano ali pa 2. Shuga takonza, mankhwala aloŵa, ndipo tikhala tikumuyezabe usiku wonse." Mukamva mau otere, funsaninso nambala ija kukacha.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.